Petulo wa Che Idrisa

Idrisa sanabadwire njinga. Anabadwira bwato, kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, m'dera la Mwambo, kumene bambo ake ankapha matemba ndi makumba, ndipo agogo ake ankachita zomwezo. Kusukulu anangosuzumirako, kumadrasa anakhalako mpaka kudziwa kuswali, koma nyanja yokha ndiyo anaimaliza makalasi onse. Anakula ali munthu wa mapewa otambalala, wosachuluka zonena, woti akakwiya amangotsokomola n'kuyang'ana kumbali. Anakwatira Falida wa ku Likangala, mkazi wokhala ndi kachigawo ka mpunga kusikimu ya ulimi wothirira komanso pakamwa posasowa yankho, nakakhala chikamwini komweko. Mwana wawo woyamba anamutcha Sumaiya, ndipo kuyambira pamenepo Falida sanatchulenso dzina la mwamuna wake, ankangoti bambo ake Sumaiya.

Kenaka mu 2018 nyanja inaphwa. Anthu anayenda wapansi pamalo pamene ankaponya makoka, mabwato anagona chammbali pamatope ong'aluka, ndipo anzake a Idrisa anayamba kusowa mmodzimmodzi, uyu wapita ku Joni, uyonso wapita ku Joni. Iye anakana kupita. Anagulitsa bwato lake motaya, nagula njinga yakapalasa, nakaiwotcheretsa kaliyala wa zitsulo zonenepa.

"Kupalasa ndi kupalasa basi," anauza Falida tsiku limene anabwera nayo. "Dzulo bwato, lero njinga."

Apa Idrisa anadzinamiza. Bwato limanyamulidwa ndi madzi, pamene njinga yolemedwa imanyamulidwa ndi msana wa mwini wake. Madzi atabwerera m'nyanja iye analibenso bwato, choncho anakhalabe panjinga.

Ntchito yokhazikika anam'patsa ndi anzake omwe aja a ku Joni, iwo osadziwa. Munthu akapita kumeneko amafuna kuti kwawo adziwe kuti sanapitire pachabe, ndiye amatumiza katundu: mabatire a sola, matiresi, mabulangete, masipika, mapoto, ngakhale zitseko. Lole inkatsitsa zonsezi padepoti ina ku Songani, ya kampani yotumiza katundu imene eni ake ankakhala kutauni, ndipo palibe wopalasa njinga amene anawaonapo nkhope. Woyang'anira padepotipo anali Anthony, mnyamata wa dzulodzuloli, wa shati yosita bwino ndi mafoni awiri. Iyeyu ndiye ankagawa katundu. Timaphukusi topepuka ta m'mbali mwa msewu wa tala ankapatsa a njinga zamoto, ndipo zolemera zopita kumidzi ya kunyanja, kumchenga ndi kumatope, ankapatsa a kapalasa, chifukwa njinga yakapalasa siimwa petulo.

Musaganize kuti kampaniyo sinkadziwa za chitetezo cha antchito. Inkadziwa bwino lomwe, ndipo ichi ndicho chopsetsa mtima. Tsiku loyamba aliyense ankapatsidwa jekete yonyezimira yoti magalimoto azimuona, ngakhale kumene Idrisa ankapita magalimoto ake anali ngolo za ng'ombe. Pakhoma panali chithunzi cha mzungu akunyamula kakatoni koti mwana akhoza kukaponya ndi dzanja limodzi, atapinda mawondo bwinobwino, akumwetulira. Anthony ankakonda kuloza chithunzicho n'kunena kuti, "Chitetezo choyamba, madala." Sikelo inaliponso, yaikulu ndithu, koma ntchito yake inali kuyeza kuti wotumiza katundu alipire zingati. Katundu wokwera panjinga imodzi sankayezedwa. Malire ake anali pamene malegeni omangira athera.

Tisabise, Idrisa ntchitoyi ankaikonda. Midzi yonse ya kunyanja ankaidziwa kuyambira ali msodzi, ndipo ukangomuuza kuti katunduyu ndi wa mayi ake a uje amene mwana wawo anapita ku Joni chaka chanjala, iye ankafika pakhomo pomwepo osafunsa njira. Amayi ankamulandira ndi nthungululu ngati kuti wagula ndi iyeyo. Ana ankathamangira njinga yake kuchokera kumjigo. Ena ankam'patsa thobwa, ena chinangwa chootcha, ndipo aliyense ankati Che Idrisa sataya kanthu, ngakhale supuni. Munthu amene nyanja inam'landa dzina anapezanso dzina panjira, ndipo zimenezi zinkam'komera.

Chaka cha namondwe wamkulu uja, amene anakokolola milatho, pamtsinje wina wa m'njira yake anthu anangoyalapo mitengo kuti aziwolokera. Anthony ankadziwa, poti a kapalasa onse anali atamuuza. Tsiku lina anam'kwezera Idrisa mabatire awiri a sola, pamwamba n'kusanjikapo matiresi. Idrisa anapempha kuti katunduyo agawidwe maulendo awiri. Anthony anati mwini wake ku Joni akuimba foni kosalekeza, ndipo ngati Che Idrisa atopa ndi ntchito anene, panja pali anthu ambirimbiri a njinga amene akuifuna. Idrisa anatsokomola, namanga katunduyo.

Pamitengo paja anatsika n'kumakankha. Mphepo ya kunyanja inawomba matiresi, njinga inapendekeka, iye anaikakamira kuti katundu wa eni asagwere m'madzi, ndipo anagwa chagada. Msana unamenya mtengo, batire linam'gwera pachiuno. Anthu amene ankayembekeza kuwoloka anam'dzutsa, ndipo atapeza mpweya anaimba foni kudepoti. Funso loyamba la Anthony linali lakuti, "Batire lasweka?" Lachiwiri linali la matiresi. Lachitatu panalibe.

Masiku otsatira Idrisa sankatha kuwerama. Ngakhale kuswali ankaswali atakhala pampando ngati nkhalamba. Koma ntchito ya padepoti ndi yakuti wanyamula wadya, sunanyamule sunadye, choncho asanachire anakankha njinga ulendo wa ku Songani.

"Mukuyenda chammbali ngati nkhanu bwanji, madala?" anafunsa Anthony.

"Msana, bwana. Chigwereni paja sukundipatsa mtendere."

"Aa, nkhani yaing'ono imeneyo. Bwerani muthire petulo."

Patebulo la Anthony panali botolo lalikulu, la mtundu uja ogulitsa m'magolosale amasungiramo maswiti, lodzaza ndi timakapisozi. Dzina lake ndi indosidi, koma padepoti palibe amene ankatchula dzinalo. Ankati petulo, poti a njinga zamoto amathira wawo m'thanki, a kapalasa amathira wawo pakhosi. Mankhwalawo ndi enieni, amathetsadi ululu, ndipo kuchipatala amaperekedwa kwa masiku ochepa, munthu atadya, dokotala atamuona kaye. Anthony sanali dokotala. Ankangotapa ndi zala n'kuthira m'manja mwa munthu, ndipo pa zinthu zonse za kampaniyo ichi chokha ndicho chinkaperekedwa mosanyinyirika.

Idrisa anameza. Pomafika pakati panjira msana unali utakhala chete, miyendo ikupalasa ngati ya mnyamata. Anayamika Mulungu, anayamikanso Anthony mumtima, ndipo pamenepa mpamene msampha unafwamphuka. Ululu sunachoke, unangotsekedwa pakamwa. Fupa lovulala linkasenzabe mabatire ndi zitseko, koma tsopano linalibe njira yodandaulira. Madzulo mankhwala akatha mphamvu msana unkabweza moto, ndipo m'mawa zimene anamwa dzulo sizinkakwananso. Anayamba kuwonjezera. Anayambanso kutengerako ena kunyumba, oti azimwa asananyamuke, m'mimba mulibe kanthu, akutsitsira ndi madzi a mumtsuko.

Patapita miyezi m'mimba munayamba kutentha. Iye anati ndi chilungulira. Falida anachepetsa tsabola m'ndiwo, anam'phikira phala, anam'sakira mkaka kwa oweta ng'ombe, koma sizinasinthe. Kenaka akapita kuchimbudzi zinkatuluka zakuda bii ngati phula. Izi sanauze munthu, chifukwa nkhani zoterezi mwamuna wamkulu amaziyambira pati? Anzake padepoti akamuona atagwira pamimba ankangoseka n'kumuuza kuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Mwambi umenewu wapha amuna ambiri, ndipo amene amaukonda kwambiri ndi anthu okhala pampando.

Nthawi yokolola itafika, matumba a mpunga anadzaza kuchipinda, ndipo makoswe anabwera ndi abale awo omwe. Falida anali ataganiza kale zokagula mankhwala a makoswe pamsika, timakapisozi tija amayi amatsegula n'kusakaniza ndi ufa ndi mitu ya matemba. Tsiku lina pochapa buluku la mwamuna wake anapeza m'thumba kapepala kokulungakulunga, m'kati muli timakapisozi tomweto. Anakondwera. Anati bambo ake Sumaiya ayamba kuganizira za panyumba osachita kuuzidwa. Anatitsegula tonse, nasakaniza, naika kuseri kwa matumba.

Idrisa sanazindikire msanga, poti anali ndi ena m'thumba la jekete. Amenewo atatha, m'mawa wina anayamba kupisa m'mabuluku, kugwedeza malaya, kusuzumira pansi pa bedi. Falida anali pakhomo ndi ndowa ya madzi.

"Amake Sumaiya, m'buluku umu munali mankhwala anga."

"Mankhwala anu ati?"

"Timakapisozi. Tinali m'kapepala."

"A makoswe aja? Ndinathira kalekale. Munachita bwino kugula, agwiradi ntchito."

Idrisa anatsokomola. "Si a makoswe amene aja. Ndi a msana. Ndimamwa."

Falida anatula ndowa pansi pang'onopang'ono. "Mumatani?"

"Ndimamwa. Tonse kudepoti timamwa."

"Kuyambira liti?"

"Chigwereni pamtsinje paja."

Falida anachita chinthu chimene anali asanachitepo chikwatiwire. Anagwira mwamuna wake pamkono, poyera ana akuona, nam'kokera kuseri kwa nyumba, kudzala kumene anataya makoswe aja. Anatola kamtengo natembenuza mmodzi. Khosweyo anali atatupa, magazi ataumira kukamwa.

"Aoneni anzanu!" anatero Falida. "Awa angodya kamodzi. Inu mwakhala mukudya chiyambire mvula ija."

"Ine sindine khoswe."

"Zoona, sindinu khoswe. Khoswe amadya poti sadziwa. Ndiye chilungulira chija ndi chimenechi? Ine kuvutika kusaka mkaka, kudziimba mlandu kuti mwina ndi tsabola wanga, chikhalirecho mukudzidyetsa nokha chiphe m'mawa uliwonse! Amakupatsani ndani?"

"A kapitawo."

"Kamnyamata ka mafoni kaja? Iko kamamwa?"

"Iye sakwera njinga."

"Basitu! Lero ndi lomaliza. Mwamva, bambo ake Sumaiya?"

"Ndikapanda kumwa sindikwera njinga. Ndikapanda kukwera, katundu wanga apatsa wina lero lomwe."

"Apatse! Mpunga wadzaza m'nyumbamu sitidya?"

Idrisa anayang'ana nyumba za apongozi ake ndi za alamu ake zimene zinazungulira yawo. "Mkamwini wodya mpunga wa mkazi atakhala pansi," anatero motsitsa mawu, "mudzi uno umutcha chiyani?"

Falida amalume ake ankawadziwa, ndi lilime lawo lomwe. Ankadziwanso kuti chichokereni kunyanja, mwamuna wake ankayenda mutu uli m'mwamba pamudzipo chifukwa cha njinga yokhayo. Anaponya kamtengo kaja pansi nalowa m'nyumba akulira ndi ukali.

Nkhani ya makoswe inafika mpaka kwa ankhoswe. Falida anawaitana kuti am'letse munthu wawo, koma akuluakuluwo atamva mbali zonse anati akazi ena amadandaula kuti amuna awo ndi aulesi, kapena amamwa kachasu, nanga uyu akudandaula kuti mwamuna akulimbikira ntchito? Anamulangiza Idrisa kuti azimwa pang'ono, anamulangiza Falida kuti azilemekeza mwamuna, nanyamula mpunga umene anapatsidwa ulendo kwawo.

Komabe khoswe uja sanachoke m'maso mwa Idrisa. Atafika kudepoti anadikira kuti anzake atuluke, nafunsa.

"Bwana, petuloyu akuti ndi yemwe amaphera makoswe. Ndi zoona?"

Anthony anaseka mpaka kutsamira khoma. "Madala, mchere umapha nkhono. Kodi inu munasiya kuthira mchere m'ndiwo? Awa ndi mankhwala a kuchipatala. Osamamvera za azimayi."

Yankholo linali lopusa, koma linanenedwa mochenjera, ndipo munthu amene msana ukum'baya amafuna yankho lililonse lomulola kumeza. Idrisa anayesa kuchepetsa masiku angapo. Anapeza kuti popanda petulo sangakweze mwendo kudutsa mtanda wa njinga. Anabwerera kubotolo, koma tsopano ankamwera panjira kuti Falida asaone.

Zinachitika m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ananyamula masipika ndi sola kupita kumudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja, kwa mayi wina dzina lake Veronica, amene mwamuna wake anali ku Joni. Kuyambira m'mawa mutu unkam'zungulira, thukuta likutuluka lozizira, koma anapalasabe pamchenga mpaka kufika. Anthu anasonkhana, nthungululu zinalira. Mwambo wa kampani unali wakuti wobweretsa katundu aime pambali pa makatoni atavala jekete yake yonyezimira, ajambulidwe pafoni, chithunzicho chitumizidwe ku Joni kuti wotumiza akhutire. Idrisa anaimirira pambali pa masipika. Wojambula anati amwetulire. M'malo mwake anawerama, nasanza magazi pakatoni, nagwa pomwepo.

Veronica ndi amene anam'pulumutsa. Sanataye nthawi ndi anthu amene anayamba kale kunong'ona kuti katundu wa ku Joniyu ngwokhwimira. Anaitanitsa njinga yamoto, anam'mangirira Idrisa ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa, natuma munthu kukauza Falida. Kuchipatala chaching'ono anam'tumiza kuchipatala chachikulu kutauni. Kumeneko anam'patsa magazi, ndipo ena mwa magaziwo anapereka ndi mlongo wake wa Falida, mmodzi mwa alamu omwe aja Idrisa ankaopa kuti am'seka.

Dokotala atamva zimene Idrisa wakhala akumwa, ndi utali wa nthawi imene wakhala akumwa, anavula magalasi napukuta kumaso. Anati m'mimba mwachita zilonda, ndipo chilonda china chinafika pamtsempha wa magazi. Anati msana nawo unavulala kalekale ndipo sunapatsidwe mpata wochira.

"Bambo, ndikuuzani mosapsatira," anatero dokotalayo. "Mukamwanso mankhwala amenewa, mwina sitidzaonananso. Njinga mukhoza kudzakwera mukachira, koma zolemera ayi."

Falida sananene kuti ndinkanena. Anangokhala pansi pambali pa bedi, akumukupizira mphepo ndi chivundikiro cha kontena, nsagwada zitalumana.

A kampani sanabwere kudzazonda. Amene anabwera ndi Hamisi, mnzake wa Idrisa wa padepoti, amenenso kale anali msodzi, atanyamula nthochi. Anavomera mwamanyazi kuti Anthony wam'tuma kudzafunsa ngati mwini katundu analandira katoni ija ngakhale inathimbirira. Falida atamva izi anadzuka natuluka panja, kuopa kutukwana mlendo wosalakwa. Hamisi anasendera pafupi ndi bedi.

"Achimwene," ananong'ona, "musanasanze muja, kuchimbudzi zinkatuluka zakuda?"

Idrisa anavomera ndi mutu. Hamisi anagwira pamimba pake akuyang'ana pawindo.

"Dokotala ali pomwepa," anatero Idrisa. "Kalowe akuone."

"Ndasiya katundu pageti. Tsiku lina."

Idrisa atatuluka m'chipatala anakhala pakhomo milungu ingapo, akumwa phala ndi mankhwala a zilonda. Mapewa aja anali atagwa, buluku likuchita kumangidwa ndi chingwe. Palibe mlamu amene anam'nena, koma iye ankamva ngati khomo lililonse likumuyang'ana. Mphamvu zitabwerera pang'ono anagwirizana ndi Falida chinthu chimodzi: apite kudepoti akapemphe kuti azipatsidwa timaphukusi topepuka, ta zovala ndi nsapato, toti akhoza kunyamula popanda petulo. Sankapempha chipukuta misozi, sankafuna mlandu ndi munthu. Ankangofuna kukhalabe pantchito osafa nayo. Njira yonse ya ku Songani anapita akuyeseza mawu oti akanene.

Anafika m'mawa, a kapalasa ali pamzere kudikira katundu. Anthony anaima pakhomo la depoti, ndipo kumbuyo kwake patebulo botolo lija linali lodzaza mpaka pakhosi.

"Che Idrisa! Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu?"

Pakamwa panayankha pokha. Ndani kuno amayankha mosiyana? Munthu ali gone pamphasa, kupuma kwake kochita kuwerenga, ukam'patsa moni amati ndadzuka bwino, akalephereratu amati ndadzukako. Moni si funso la kuchipatala, ndi ulemu, ndipo mwana amauphunzira asanadziwe kuvala kabudula. Matenda amanenedwa pambuyo, anthu atakhala pansi.

Idrisa anavula chipewa nafotokoza pempho lake. Ananena zimene dokotala ananena, ananena za msana, ananena kuti midzi yonse akuidziwa ndipo sanatayepo katundu wa munthu.

Anthony anamvetsera akuseweretsa foni. "Koma madala, mwangonena kumene kuti mwadzuka bwino."

"Umenewo ndi moni, bwana."

"Kwa inu ndi moni. Kuno ndi chitetezo." Anthony anaika foni m'thumba nakweza mawu kuti onse a pamzere amve. "Mutadwala muja mabwana anaimba kuchokera kutauni. Anafunsa ngati pano timaona thanzi la anthu tisanawapatse katundu. Ndinawauza kuti ndimafunsa wina aliyense m'mawa uliwonse mmene wadzukira, ndipo sindinaname. Tsiku munasanza lija ndinakufunsani pakhomo pomwe pano. Munandiyankha kuti chiyani?"

Idrisa anafinya chipewa chake m'manja.

"Munati mwadzuka bwino. Ndiye ine ndikanalota? Mabwana anati njira imeneyi ndi yabwino, ipitirire. Amene wanena yekha kuti wadzuka bwino ali ndi mphamvu, anyamula chilichonse chimene chilipo. Pano palibe katundu wa odwala ndi katundu wa amoyo."

Taonani nkhanza zake! Kutenga ulemu wa munthu, umene mayi ake anam'phunzitsa, n'kuusandutsa chingwe chom'mangira. Zaka zonsezi Idrisa ankaganiza kuti mnyamatayu, ngakhale ndi wouma mtima, amadziwako kulonjera akulu. Magazi ochepa amene anatsala m'thupi mwake anawira. Khosi linafuna kutsokomola monga mwa masiku onse, koma iye analiletsa.

"Ndifunseninso," anatero.

"Chiyani, madala?"

"Ndati ndifunseninso mmene ndadzukira."

Anthony anayang'ana a pamzere akumwetulira. "Chabwino. Mwadzuka bwanji, Che Idrisa?"

"Sindinadzuke bwino." Mawu ake anamveka mpaka kumsewu, ndipo amayi ogulitsa tomato anatembenuka. "Chigwereni pamtsinje ndi mabatire amene munakana kugawa, sindinadzukepo bwino ngakhale tsiku limodzi. Ndimadzuka chokwawa, ndimagwira khoma kuti ndiimirire. Ndimaswali pampando. M'mimba mwanga muli zilonda za petulo wanuyo, amene mkazi wanga amaphera makoswe. Magazi amene ndikuyendera lero ndi a mlamu wanga, anga ndinasiya pakatoni ya eni. Usiku sindigona, chakudya sichikhala. Ndi mmene ndadzukira, bwana. Kaya inu?"

Ena pamzere paja anayang'ana pansi, ena anayamba kukonza malegeni amene sanali ofunika kukonza. Idrisa anaima akupuma mwabefu, koma mumtima mutapepuka. Anaganiza kuti tsopano poti chilungamo chanenedwa poyera, pamaso pa anthu, ngakhale Anthony achita manyazi.

Anthony sanachite manyazi. Nkhope yake inasanduka yachisoni, chisoni cha muofesi.

"Pepani kwambiri, madala. Ndithu pepani. Mwachita bwino kunena. Ndiye lamulo la chitetezo likuti munthu wodwala sitim'patsa katundu, ngakhale kaphukusi ka nsapato. Mukakagwa panjira mlandu ukhala wa kampani. Pitani mukapume. Jeketeyo musiye patebulopo, pali wina akuyamba lero."

Idrisa anamvetsa tsopano kuti funsoli linalibe yankho lopulumukira. Ukati wadzuka bwino, usenza mpaka ufe. Ukati sunadzuke bwino, ntchito yatha. Anavula jekete, naipinda bwinobwino monga munthu wozolowera kusamala za eni, naiika pambali pa botolo lija. Anatuluka, nagwira njinga yake, kaliyala ali mbee. Sanaikwere. Anayamba kuikankha kulowera kumsewu wafumbi wopita kunyanja, akuganiza mawu oti akauze Falida.

Asanafike patali anamva Anthony akupitiriza ntchito yake pakhomo paja.

"Wotsatira! Che Hamisi, mwadzuka bwanji?"

Idrisa anaima, natembenuka. Hamisi anamuyang'ana kamphindi, milomo ili yotuwa, kenaka anayang'ana mulu wa mabatire umene unali pakhonde.

"Ndadzuka bwino, bwana, kaya inu?" anayankha, uku akumasula malegeni.